Phunziro 17: Mchere wobisa madzi

Chiwawu chikagwa m'munda wa mbatata ya kachewere kapena wa matimati, masamba amapsa, zokolola n'kuchepa. Kuno ku Angónia timachidziwa bwino nthawi ya mvula. Mankhwala ake amodzi ndi mchere wabuluu uja. Pathumba pake amalemba kuti sulfato de cobre. Si mchere wa ndiwo ayi. Ndi poizoni.

Mcherewu ukuoneka wouma, koma uli ndi madzi m'kati. Pa magalamu 100 alionse, magalamu 36 ndi madzi.

Tiyeni tione ndi maso athu. Tiike pang'ono paphale lotha ntchito, tiutenthe panja. Madzi aja achoka, mchere usanduka ufa woyera. Ukazizira, tidonthezepo madzi. Taonani! Ubuluu wabwerera, ndipo phale lafunda. Mchere woyera umatentha ukamamwa madzi. Wabuluu sutentha posungunuka, chifukwa unamwa kale. Madzi ake amangosakanikirana ndi a m'chidebe.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Muyeso womwe timaphunzira ndi wa mchere wabuluu. Woyera ngwamphamvu: magalamu 64 ake akufanana ndi magalamu 100 a wabuluu. Tikauyeza ngati wabuluu, tiwotcha mbewu za koperativa ndi manja athu. Choncho thumba lizikhala lomanga bwino, kutali ndi dzuwa ndi moto.

Kapangidwe kake nkotere. Timange magalamu 100 a mchere wabuluu m'kansalu, tikalendewetse pamwamba m'malita 5 a madzi. Usungunuka wokha. M'chidebe china tisungunule magalamu 100 a laimu wothira kale madzi m'malita 5. Kenaka tithire madzi abuluu mu laimu, uku tikutakasa. Mankhwala amenewa ndi calda bordalesa. Anayambira m'minda ya mphesa ku Bordeaux, m'dziko la France, m'zaka za m'ma 1880.

Tigwiritse mtsuko kapena chidebe cha pulasitiki. Ndowa yachitsulo imadyeka. Tiviikemo mpeni woyera. Ukafiira, laimu wachepa, tiwonjezere. Tipopere tsiku lomwelo, matenda asanafale, pakuti mankhwalawa amateteza, sachiza tsamba lopsa kale. Zotsala tisataye kumtsinje, zimapha nsomba. Tikamaliza tisambe m'manja ndi sopo.

Tikambirane:
1. Kodi madzi a mchere wabuluu amapita kuti tikautentha?
2. N'chifukwa chiyani woyera uli wamphamvu?
3. Tiwerengere: mankhwala a malita 20 afuna magalamu angati a mchere wabuluu?