Kodi Chidani pa Ayuda Chinachokera Kuti?

1. Kodi mbiri ya Kadoma ikudzutsa funso lotani?

M'TAUNI ya Kadoma ku Zimbabwe, imene inkatchedwa Gatooma kufikira 1982, munali kagulu ka Ayuda kokhala ndi mpingo wakewake. Ambiri anali amalonda m'chigawo chimenechi cha migodi ya golidi, kumene kunkagwiranso ntchito amuna ochuluka ochokera ku Nyasaland. Mu 1961 m'dziko lonselo munali Ayuda pafupifupi 7,000, koma lerolino atsala oŵerengeka chabe. Wachichepere wokulira ku Waverley, dera lina la tauniyo, mwina sanamuonepo Myuda. Komabe, angakhale atamva kuti Ayuda ngoumira, kapena kuti ndiwo anapha Yesu. Kodi mawu otero anafika motani kwa iye?

Mlandu Umene Unakula m'Matchalitchi

2, 3. (a) Kodi atsogoleri achipembedzo anasonkhezera motani chidanicho? (b) Kodi Malemba amasonyezanji?

2 Muzu waukulu uli m'ziphunzitso za matchalitchi. Mu 386 ndi 387 C.E., John Chrysostom analalikira ku Antiokeya maulaliki onyoza Ayuda ndi masunagoge awo. Lingaliro lakuti mtundu wonsewo uli ndi liwongo la mwazi wa Kristu linazika mizu, ndipo Mateyu 27:25 anagwiritsiridwa ntchito kulichirikiza. Mu 1096, ankhondo a mtanda anapha Ayuda ambirimbiri ku Worms ndi ku Mainz asanafike nkomwe kumene ankapita. Mu 1215, msonkhano wa Lateran wachinayi unalamula kuti Ayuda azivala mowasiyanitsa ndi ena. Ngakhale Martin Luther, mu 1543, analimbikitsa kutentha masunagoge.

3 Koma kodi mfuu ya khamu limodzi, pa tsiku limodzi, ingapatse liwongo ana obadwa zaka mazana ambiri pambuyo pake? Baibulo limakana kuti mwana asenze mphulupulu ya atate wake. (Deuteronomo 24:16, Ezekieli 18:20) Amene analamula kuti Yesu aphedwe anali Pilato, kazembe wachiroma. Yesu mwiniyo anali Myuda, monganso atumwi ake onse ndi ochuluka a anthu 3,000 obatizidwa pa Pentekoste. Patapita zaka, Paulo anadzitchabe Mwisrayeli popanda manyazi.—Machitidwe 2:5, 41, Aroma 11:1.

Mabodza Amene Anawoloka Nyanja

4. Kodi ndi mabodza ena ati amene anawonjezedwa?

4 Mtundu ukangoyesedwa wotembereredwa, bodza lililonse limaukhala. Mnyamata wina atapezedwa wakufa ku Norwich, England, mu 1144, Ayuda anaimbidwa mlandu wa kumupha mwamwambo, ndipo m'kupita kwa nthaŵi mphekesera inakula yakuti iwo amagwiritsira ntchito mwazi wa ana achikristu. Nzodabwitsa kuti anthu anakhulupirira zimenezi ponena za mtundu umene Chilamulo chake chimaletsa kudya ngakhale mwazi wa nyama! (Levitiko 17:10-14) Pa mliri wa makoswe ananenezedwa kuthira ululu m'zitsime, ndipo mu 1349 mazana ambiri anatenthedwa ku Strasbourg. Nanga za kukonda ndalama? M'maiko ambiri Ayuda analetsedwa kukhala ndi minda ndi kuloŵa m'magulu a amisiri, pamene tchalitchi chinaletsa Akristu kukongoza ndalama mwa chiwongoladzanja. Ena a iwo anatenga ntchito yotsalayo, ndiyeno anadedwa chifukwa cha ntchito yomweyo.

5. Fotokozani zimene zinachitikira Ayuda a ku Rhodes.

5 Mbiri ya mabanja ena amene anadzafika ku Southern Rhodesia imasonyeza mmene chidanicho chinawalondolera. Atathamangitsidwa ku Spain mu 1492, Ayuda ambiri analandiridwa m'ufumu wa Ottoman, ndipo ena anadzakhazikika pachisumbu cha Rhodes, akumalankhulabe chinenero chawo chochokera ku Chisipanya. Mu 1840, mnyamata wachigiriki atasoŵa pachisumbupo, bodza lakale la mwazi linaukanso, ndipo Ayuda angapo anazunzidwa asanapezedwe osalakwa. Mu 1938, boma la Italy, limene panthaŵiyo linkalamulira chisumbucho, linakhazikitsa malamulo osankha Ayuda. Ena anatsatira achibale amene anali atapita kale ku Rhodesia ndi ku Belgian Congo. Otsalawo, pafupifupi 1,700, anasonkhanitsidwa ndi Anazi mu July 1944 natumizidwa ku Auschwitz. Opulumuka anali ngati 150 okha. M'Ulaya yense munaphedwa Ayuda pafupifupi 6,000,000.

Chifukwa Chake Sichikutha

6. Nchiyani chikusonyeza kuti tsankhuli lidakalipo?

6 Mu 1965, Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican unalengeza kuti imfa ya Kristu siyenera kuikidwa pa Ayuda onse, akale kapena amakono. Koma chilengezo sichizula mawu amene anazoloŵereka pakamwa. Mu 1992, Pulezidenti Robert Mugabe, podzudzula alimi achizungu, anayerekezera kuuma mtima kwawo ndi kwa Ayuda, ndipo Ayuda a m'dzikolo anadandaula. Chikalata chabodza chonena za chiŵembu cha Ayuda cha kulamulira dziko, chofalitsidwa ku Russia mu 1903 ndi kuvumbulidwa ndi nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1921, chikali kufalitsidwa pa intaneti. Makolo achikristu angachite bwino kudzifunsa kuti: 'Kodi ana anga amamva mawu otani m'nyumba muno ponena za mitundu ina?'—Machitidwe 10:34, 35. Yakobo 3:9, 10.

7. Kodi kusintha malamulo nkokwanira? Perekani zitsanzo.

7 Mbadwa za Amalaŵi ku Kadoma ndi ku Chegutu zimadziŵa kuŵaŵa kwa kuyesedwa mlendo m'dziko lobadwiramo. Zakhala zikutchedwa mabhurandaya, dzina lotonza lochokera ku Blantyre, ndipo lamulo la mu 2001 linasiya ambiri opanda unzika. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegula njira yoti aubwezeredwe, koma dzinalo silinathere pomwepo. Zinalinso tero ku France. Dzikolo linapatsa Ayuda unzika wonse mu 1791, komabe mu 1894 msilikali wachiyuda Alfred Dreyfus anaweruzidwa monama kuti anapereka zinsinsi za nkhondo kwa Ajeremani. Pamene ankavulidwa udindo poyera ku Paris, khamu linafuula kuti Ayuda aphedwe. Dzina lake linayeretsedwa mu 1906, atakhala zaka zoposa zinayi m'ndende ya pa Devil's Island.