Ndere m'thanki yatsopano ya madzi amchere: zimachokera kuti, nanga n'kutani nazo?

Thanki yagalasi yowetera nsomba za m'nyanja yamchere ikangokhazikitsidwa, madzi amakhala mbee. Pakatha masabata awiri kapena atatu, galasi, mchenga ndi miyala zimakutidwa ndi zinthu zofiirira zonga fumbi. Ambiri amaganiza kuti thanki yaonongeka, n'kuthamangira kuthiramo mankhwala. Mankhwalawo akhoza kupha nkhono ndi zamoyo zina zothandiza, koma ndere n'kumeranso. Tiyeni tione chifukwa chake.

Ndere zimafuna chiyani?

Ndere zimapanga chakudya chake pogwiritsa ntchito kuwala, monga muja mudaphunzirira za photosynthesis. Kupatula kuwala, zimafunanso nayitirojeni ndi fosiforasi, N ndi P yemwe uja mumamuona pathumba la feteleza. M'thanki zinthu ziwirizi zimachokera ku ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala chikamaola.

Zoolazo zimatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni kwa nsomba. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa amakhala ochepa, ndipo kuti achuluke pamatenga masabata pafupifupi 4 mpaka 6. Nthawi imeneyi ndere zimapeza malo opanda wopikisana nazo, ndiye zimangodzala.

Mitundu itatu yofala

Zofiirira zija ndi ma diatom, ndere za selo imodzi zomwe zimamanga chigoba chake ndi silika. Silikayo amabwera ndi mchenga watsopano komanso madzi apampopi. Akatha, ma diatom amachepa okha.

Kenako pamatha kumera ndere zobiriwira zonga tsitsi. Izi zimasonyeza kuti nitrate ndi phosphate zachuluka.

Palinso zoterera zofiira zimene zimayala pamchenga ngati nsalu. Izi si ndere zenizeni ayi, ndi cyanobacteria, ndipo zimakonda pomwe madzi sakuyenda bwino.

Kodi zikachuluka pali vuto? Eya. Masana ndere zimatulutsa okosijeni, koma usiku zimangomugwiritsa ntchito popuma, choncho nsomba zikhoza kubanika m'bandakucha. Zimaphimbanso makorali n'kuwamana kuwala.

Zoyenera kuchita

Nzeru yake ndi kuzimana chakudya. Patsani nsomba chakudya choti zimalize m'mphindi ziwiri basi, ndipo musaike nsomba zambiri nthawi imodzi. Magetsi aziyaka maola 8 patsiku kapena kucheperapo, thankiyo ikhale kutali ndi zenera lolowa dzuwa.

Sabata iliyonse chotsani madzi okwana 10 peresenti, muikemo atsopano. Pochotsapo, popani zinyalala za pamchenga ndi paipi, ndipo ndere zimene mwapala pagalasi zitulutseni. Mukazisiya momwemo zimaola n'kukhala feteleza wa zinzake. Madzi atsopanowo akhale osefedwa ndi makina a reverse osmosis, osakanizidwa ndi mchere wopangidwira ntchitoyi mpaka mchere wake ufanane ndi wa m'nyanja, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Mchere wakukhitchini sungathandize, chifukwa ulibe michere yonse ya m'madzi a m'nyanja.

Samalani apa: madzi akachepa chifukwa chouluka ngati nthunzi, onjezerani madzi osefedwa opanda mchere. Mchere suuluka, umatsalira m'thanki.

Amoniya ndi nitrite zikafika pa 0 mukayeza, mutha kuikamo nkhono zodya ndere monga Trochus ndi Turbo, koma zochepa, chifukwa ndere zikatha nazonso zimafa ndi njala. Ntchito yake ndi yonga ya mbuna za m'Nyanja ya Malawi zopala ndere pamiyala, kungoti mbuna ndi nsomba za m'madzi opanda mchere, sizingakhale m'thanki yotere.

Funso loti mukambirane ndi anzanu: mvula ikakokolola feteleza kuchokera m'minda kupita m'damu, chingachitike n'chiyani kwa ndere za m'damumo, nanga kwa nsomba usiku?