KAPOLO WOTHAWA NDI NKHOSWE YACE

Phunziro lathu la mwezi uno licokera m'kalata wa Paulo kwa Filemoni. Mwa akalata onse a Paulo uyu ndiye wamfupi, pakuti ali ndi ndime 25 zokha, ndipo munthu akhoza kumtsiriza nsima isanapse. Tipempha aphunzitsi ndi akuru a Mpingo kuti ayambe amwerenga yense pamaso pa anthu, ndipo atatero atsate mitu iri m'munsiyi. Tasankha kalata ameneyu cifukwa ca funso limene lisautsa mitima yambiri, lakuti: Ine ndacimwira Mulungu kwakukuru, ndidzafika kwa Iye ndi ciani m'manja?

1. Mlandu wa Onesimo

Filemoni anali Mkristu wa ku Kolose, mudzi wa m'dziko limene lero lichedwa Turkey. Anatembenuka mtima ndi mau a Paulo, ndipo Mpingo unasonkhana m'nyumba mwace. Iyeyu anali ndi kapolo dzina lace Onesimo, ndiko kunena kuti wopindulitsa. Koma kapoloyo sanatsate dzina lace. Anathawa, ndipo zioneka kuti anatayitsanso mbuye wace cuma (ndime 18).

Malamulo a Aroma anali owawa pa kapolo wothawa. Akagwidwa anakwapulidwa, namangidwa m'unyolo, ndipo ena anaocedwa cizindikilo pamphumi ndi citsulo camoto. Ngakhale munthu wakumbisa anapalamula. Cotero Onesimo analibe pokhala ndi mtendere. Akabwerera, cilango cimdikira; akakhala kutali, mantha amtsata usana ndi usiku. Akuru anati mlandu suola.

Onesimo ameneyu ndife. Mulungu anatilenga kuti timtumikire ndi kumpindulira, koma tinatenga moyo, mphamvu ndi nzeru zimene anatipatsa, tinathawa nazo, ndi kuzitha pa zofuna zathu. Adamu ndiye anayamba kuthawa, pamene anabisala m'mitengo ya m'munda (Genesis 3:8), ndipo palibe mwana wace mmodzi amene sanatsate mapazi omwewo (Aroma 3:23).

2. Nkhoswe ya m'ndende

Masiku amenewo Paulo anali womangidwa, ndipo ophunzira ambiri ayesa kuti kunali ku Roma, ngati caka ca 61. Onesimo anafika kwa iye, namva Uthenga Wabwino, nakhulupirira, kotero kuti Paulo amucha mwana wace wobadwira m'ndende. Paulo anafuna kukhala naye, cifukwa anamthangata bwino. Koma anadziwa kuti mlandu sutha ndi kuubisa. Cifukwa cace anambweza kwa mbuye wace pamodzi ndi mbale Tukiko (Akolose 4:7-9), nalemba kalata wakumnenera.

Taonani zinthu zitatu zimene Paulo anacita m'kalatamo. Coyamba, anapempha Filemoni kuti alandire Onesimo monga akadalandira Paulo mwini (ndime 17). Caciwiri, anamuuza kuti mangawa onse a kapoloyo awaike pa dzina la Paulo, nalonjeza ndi dzanja lace kuti adzalipira (ndime 18, 19). Cacitatu, anati asamuyesenso kapolo cabe, koma mbale wokondedwa (ndime 16). Onesimo sanapite ndi ndalama kapena mphatso. Cimene ananyamula ndico dzina la munthu wina, ndi lonjezo la munthu wina.

Martin Luther, pomasulira Cipangano Catsopano m'cinenero ca Ajeremani caka ca 1522, anaphunzitsa kuti zimene Paulo anacitira Onesimo zifanana ndi zimene Kristu anaticitira ife kwa Atate. Ndipo nzoona. Kalata wa mangawa athu Yesu anamkhomera pamtanda (Akolose 2:14). Iye wosacimwa anasenza macimo athu, kuti ife tiyesedwe olungama mwa Iye (2 Akorinto 5:21). Ndipo amene akhulupirira salinso kapolo, koma mwana wa m'nyumba ndi wolowa (Agalatiya 4:7).

3. Pamene fanizoli lipelewera

Koma tisaganize kuti Mulungu ali monga mbuye wokwiya amene ayenera kunyengereredwa. Pa mwambo wathu, munthu wopalamula ndiye afuna nkhoswe, ndiye agwira nkhuku kapena mbuzi, napita kukapepesa. Mwini mlandu akhala pakhomo pace, nadikira. Tinena kuti wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Makolo athunso potsira nsembe anatenga ufa ndi mowa wao wa iwo eni kuti mizimu ileke mkwiyo.

Kwa Mulungu sikunatero ai. Iye amene tinamlakwira ndiye anayamba kutsegula citseko. Iye anatuma Nkhoswe, ndiye Mwana wace, ndipo dipo linacokera m'nyumba yace yomwe. Kristu anatifera tiri cicimwire, tiri adani, tisanapepese (Aroma 5:8-10). Paulo aphunzitsa kuti Mulungu mwini anali mwa Kristu kuyanjanitsa dziko ndi Iye yekha, osawerengera anthu zolakwa zao (2 Akorinto 5:18, 19). Ici ndico cisomo: cifundo copatsidwa kwaulere kwa munthu amene anayenera cilango.

M'dziko lathu lomwe muli cikumbutso ca kumasulidwa kotere. Caka ca 1861, pa mudzi wa Mbame, David Livingstone ndi anzace anakomana ndi ulendo wa akapolo 84. Oyendetsa akapolowo anathawa, ndipo magoli anacekedwa m'makosi mwa anthu aja. Kodi iwo analipira ciani? Analibe kanthu, ngakhale manja ao anali omangika. Anangoweramitsa khosi kuti goli licotsedwe, natsata owamasula kunka ku Magomero. Cikhulupiriro cifanana ndi kuweramitsa khosi kumeneko. Sicigula ufulu, koma ciulandira.

4. Njira zitatu zosokera

Alipo ena amene afuna kugula cipulumutso. Anena mumtima mwao kuti: Ndinatha kalasi, ndinabatizidwa, ndisunga Sabata, ndipereka zopereka mwezi ndi mwezi, mowa ndinaleka, tsono Mulungu ali ndi mangawa kwa ine. Zinthu izi nzabwino, ndipo sitizipeputsa. Koma ndizo zipatso za mtengo, si mizu yace. Munthu apulumutsidwa ndi cisomo mwa cikhulupiriro, kuti asakhale ndi cakudzitamandira, ndipo nchito zabwino zitsata pambuyo (Aefeso 2:8-10).

Alipo ena amene ataya mtima. Anagwa m'chimo, naimitsidwa ku Mgonero, ndipo tsopano akhala pakhomo ndi manyazi, nati: Ndiyambe ndadzikonza, pamenepo ndidzabwera. Mbale, Onesimo akadadikira kufikira atapeza cuma cakulipira, akadafera kucilendo. Wodwala sadikira kuti acire ndipo apite kwa sing'anga. Nkhoswe tiri nayo kwa Atate ngakhale titacimwa (1 Yohane 2:1). Nyamukani sabata lomwe lino, mukaonane ndi mkuru wa Mpingo wa m'mudzi mwanu.

Alipo enanso amene ati: Popeza cisomo ncaulere, ticimwebe. Paulo akaniza maganizo awa kolimba (Aroma 6:1, 2). Onesimo atakhululukidwa sanakhale kumene anathawira. Anayenda ulendo wautali kunka ku khomo limene analiopa. Zakeyu, pamene Yesu analowa m'nyumba mwace, analonjeza kubweza kanai zonse anazilanda monyenga (Luka 19:8). Cotero amene anaba mbuzi ya mnzace, kapena anasuntha malire a munda, kapena ananamizira mlamu wace pabwalo, apite akakonze. Sacita ici kuti agule cikhululukiro, koma cifukwa wacilandira kale.

5. Ife tiri Filemoninso

Kalata uyu sanalembedwe kwa Filemoni yekha, koma kwa Apiya, kwa Arkipo, ndi kwa Mpingo wonse wa m'nyumba mwace (ndime 2). Taganizani tsiku lija: Akristu asonkhana, kalata awerengedwa, wothawa uja aimirira pakhomo, ndipo maso onse ali pa mwini nyumba. Lamulo la Aroma linamlola kulanga, koma iye mwini anali munthu wokhululukidwa, wamangawa a moyo wace (ndime 19).

Tsiku lotere lifika kwa Mkristu ali yense. Ambuye ananena fanizo la kapolo amene mfumu inamkhululukira matalente 10,000, koma iye anagwira mnzace pakhosi cifukwa ca tindalama 100, ndipo mfumu inampereka kwa azunzi (Mateyu 18:23-35). Ananenanso kuti munthu wodza ndi mtulo ku guwa la nsembe, akakumbuka kuti mbale wace ali naye cifukwa, ausiye pomwepo, ayambe wayanjana ndi mbaleyo (Mateyu 5:23, 24). Kodi siticita cinyengo, abale, pamene tidya mkate umodzi pa gome la Ambuye, koma panjira ya kucitsime sitipatsana moni? Mgonero usanafike, yense wa ife alingalire amene ali Onesimo wace, ndipo ayambe ndiye kumtsegulira, monga Mulungu anayamba kutsegulira ife.

Mafunso a m'kalasi

1. Cifukwa ninji Paulo anabweza Onesimo, pokhala anafuna kukhala naye?
2. Chulani zinthu zitatu zimene Paulo anamcitira, ndi zitatu zimene Yesu anaticitira ife.
3. Kupepesa kwa pamudzi kusiyana bwanji ndi ciyanjanitso ca Mulungu?
4. Ngati nchito zabwino sizigula cipulumutso, tizicitiranji?
5. Mbale woimitsidwa ku Mgonero tidzamuuza ciani, ndipo adzapita kwa iye ndani?

Ana a sukulu aloweze pamtima Aefeso 2:8-10. Ndipo popemphera m'mabanja mwezi uno tikumbuke abale onse amene anatisiya, powachula maina ao mmodzi mmodzi, kuti Mulungu awapatse mtima wakubwerera, natipatse ife mtima wakuwalandira.