Banki yavomera, kodi Fortuner ndiigule?

FUNSO

Akonzi,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimagwira ntchito kubungwe lina lomwe si la boma muno mu Lilongwe. Akadula msonkho ndi penshoni, m'manja mumatsala K3,600,000 pamwezi. Pano ndikuyendera ka Toyota Passo kamene kandisunga ndithu, koma dzinja likafika kumudzi kwathu ku Ntchisi sikalowa. Ndimakasiya pasitolo ina m'mbali mwa msewu n'kumalizitsa ulendo panjinga ya kabaza.

Ndapeza Toyota Fortuner ya dizilo imene munthu wina wangoitanitsa kuchokera ku South Africa, akuti K70 miliyoni. Ndinasunga K20 miliyoni, ndipo banki yati ikhoza kundikongoza K50 miliyoni yotsalayo, kubweza zaka zisanu pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti. Nyumba ndi ya lendi, K550,000 pamwezi. Fizi ya ana awiri ndi K900,000 pa teremu onse pamodzi, ndipo mayi anga ndimawatumizira K100,000 mwezi ndi mwezi. Kontirakiti yanga yatsala zaka ziwiri, koma nthawi zonse amatiwonjezera. Mayi a kunyumba akukana, akuti tiyambe tamanga kaye. Ine ndikuona kuti magalimoto akungokwera mtengo, ndikazengereza sindidzaikwanitsanso. Anzanga a muofesi anagula kale zikuluzikulu. Ndithandizeni nzeru.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe

YANKHO

Achimwene, musaigule, makamaka osati chaka chino komanso osati ndi ngongole imeneyi. Koma poti mwalemba manambala onse mosabisa, tiyeni tiwerengere limodzi kuti musangomvera ine.

Banki ikati "tikhoza kukukongozani" ndiye kuti yayankha funso lake, osati lanu. Funso la banki ndi lakuti: munthuyu akalephera, ndalama zathu tidzazipeza? Malipiro anu amadutsa mu akaunti yawo, choncho iwo amayamba kudula inu musanaone ndi kwacha imodzi yomwe. Galimotoyo ndi chikole chawo, ndipo K20 miliyoni yanu ikhala italowamo kale. Iwo ali pabwino mbali zonse. Zoti kunyumba kwanu muzidya chiyani pa 20 wa mwezi sizili pafomu yawo.

Ngongole ya K50 miliyoni pa 30 peresenti kwa miyezi 60 imatuluka pafupifupi K1,618,000 pamwezi. Pomaliza mudzakhala mutapereka K97 miliyoni, ndiye kuti Fortuner ya K70 miliyoni mwaigula K117 miliyoni. Ambiri nambala imeneyi amaimva n'kungogwedeza mutu, chifukwa zaka zisanu n'kutali. Yoti muiyang'anitsitse ndi iyi: pa K1,618,000 ya mwezi woyamba, K1,250,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Ngongole yeniyeniyo yatsika ndi K368,000 basi. Umu ndi mmene ngongole zobweza mofanana mwezi uliwonse zimayendera. Kumayambiriro mumadyetsa banki, ngongoleyo imadzayamba kusuntha kumapeto. Tsono pamene kontirakiti yanu izidzatha, patapita miyezi 24, mudzakhala mutapereka K38.8 miliyoni, koma banki idzakhala ikukufunanibe K38.1 miliyoni. Werenganinso chiganizo chimenecho musanapitirire.

Ndipo 30 peresentiyo si yokhomedwa ndi msomali. Ngongole zambiri zamabanki athu zimatsata chiwongoladzanja chimene chimasinthasintha malinga ndi zimene Reserve Bank yagamula. Kumayambiriro kwa 2022 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinali pa 12 peresenti. Pofika Febuluwale 2024 chinali pa 26. Amene anasaina ngongole za zaka zisanu mu 2021 anangoona zodulidwa zikukula, galimoto ili yomweyo. Chikhoza kutsikanso, inde, koma simungapange bajeti ya banja podalira zimenezo.

Galimoto yaikulu siimathera pa ngongole. Banki sidzalola kuti chikole chake chiyende ndi inshulansi yotchipa ija yongoteteza anthu ena pamsewu. Idzafuna yokwanira, yomwe mtengo wake umatsata mtengo wa galimoto. Kafunseni kumakampani awiri kapena atatu. Tingoyerekeza kuti akuuzani 5 peresenti: imeneyo ndi K3.5 miliyoni pachaka, pafupifupi K292,000 pamwezi. Mafuta nawo, Fortuner m'tauni ikakupatsani makilomita 10 pa lita ndiye yakukomerani mtima, pamene ka Passo kamapitirira pamenepo kutali. Mukamayenda makilomita 1,500 pamwezi, kuntchito, kusukulu kwa ana, kutchalitchi ndi ulendo umodzi wa kumudzi, ndi malita 150. Mu Novembala 2023 bungwe la MERA linakweza dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Ngakhale pamtengo wakale umenewo, malita 150 ndi K410,000, ndipo inu mukudziwa zimene zalembedwa pampope lero. Sindinawerengere masiku aja mafuta akasowa, munthu n'kugona pamzere kapena kugula a m'zigubu pamtengo wa mavenda. Sevesi, matayala anayi akuluakulu aja, batire, COF, zipata za Chingeni ndi Kalinyeke mukamapita kummwera: tiikepo K200,000 pamwezi, ndipo apa ndakuchitirani chifundo.

Zonse pamodzi ndi K2,520,000. Pa K3,600,000 patsala K1,080,000. Chotsani lendi, chotsani K225,000 ya fizi (K2.7 miliyoni pachaka mukaigawa miyezi 12), chotsani ya mayi. Mwatsala ndi K205,000 kuti mugule ufa, ndiwo, magetsi, madzi, mayunitsi, sopo, chopereka ndi mankhwala mwana akatentha thupi. Simunanene ngati alamu ali ndi kopezera ndalama. Ngati ali nako, ndiye kuti nyumba yonse ikhala pamutu pawo kwa zaka zisanu chifukwa cha galimoto imene akuikana. Ngati alibe, ndiye kuti mwezi wachitatu usanathe mukhala mukusaina kubanki m'khonde, ndipo wachisanu ndi chimodzi kwa a katapila.

Pali ndalama inanso imene sindingaiike nambala koma aliyense amene ali ndi galimoto yaikulu pamtundu pawo amaidziwa. Passo anthu saiwerengera. Fortuner ikangofika ku Ntchisi kamodzi, yasanduka ya mudzi wonse: odwala apite nayo kuchipatala, akwati akwere imeneyo, pamaliro inyamule anamfedwa, feteleza wa amalume abwere pa yomweyo. Zonsezi n'zabwino ndipo simungakane, koma mafuta othira ndinu. Komanso amene amakupemphani K20,000 ayamba kupempha K100,000, poti maso awo akuona kuti zinthu zili bwino.

Tsopano mfundo yanu yoti magalimoto akukwera mtengo. Imeneyi si yabodza, ndipo alangizi ambiri a zachuma amene amangobwereza za m'mabuku akunja, zoti galimoto imagwa mtengo ikangotuluka pageti, amalankhula ngati sakhala m'dziko muno. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Galimoto zathu zonse n'zoitanitsa. Zambiri za ku Japan zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera ku Songwe, ndipo Fortuner ngati yanuyi imapangidwa ku Durban. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa mitengo imalumpha, ndipo alipo ndithu amene anagulitsa galimoto yoyenda zaka zitatu pamtengo woposa umene anagulira. Koma funsani kuti anaigula bwanji. Wogula ndi ndalama zake anabisadi chuma chake m'chitsulo. Wogula ndi ngongole ya 30 peresenti ali pampikisano ndi banki: kuti angofanana nayo, galimotoyo iyenera kumakwera mtengo chaka ndi chaka mofanana ndi chiwongoladzanjacho, uku ikukalamba, mileji ikuchuluka, mabampu a mu Lilongwe akuidya kunsi. Ndiponso kwacha ikagwa sikuti imakweza galimoto yanu yokha. Imakweza dizilo, matayala, masipeya, inshulansi ndi fizi, pamene malipiro amabwera m'mbuyo mwakachetechete, mwinanso osabwera. Tsiku limene Fortuner yanu idzafike K100 miliyoni papepala ndi tsiku lomwelo limene mudzalephere kuithira mafuta.

Chimene chandiopsa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti "nthawi zonse amatiwonjezera". Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kumayiko akunja, ndipo mapulojekiti ambiri a USAID m'dziko muno anatsekedwa. Anthu amene anali ndi makontirakiti osainidwa bwinobwino anapezeka ali pakhomo m'masabata ochepa. Sindikudziwitsani zachilendo, ena mwa iwo mumawadziwa ndi maina. Ngongole ya zaka zisanu pa kontirakiti ya zaka ziwiri ikutanthauza kuti zaka zitatu mwazisainira pa chiyembekezo. Ntchito ikatha muli ndi K20 miliyoni kubanki, muli ndi miyezi yambiri yofunira ina, ana ali pasukulu, lendi ikulipidwa. Ikatha K20 miliyoniyo ili m'galimoto, mwezi wachiwiri banki yayamba kuimba foni, ndipo galimoto yogulitsa mothamanga kapena pa okishoni siipeza mtengo wake. Banki imatenga zake poyamba, inu mumalandira zotsala ngati zilipo.

Za anzanu a muofesi sindinenapo zambiri. Makiyi awo mumawaona patebulo, koma masitetimenti awo a kubanki simunawaonepo.

Vuto lenileni limene mwatchula ndi msewu wa kumudzi m'dzinja, ndipo limeneli lili ndi mankhwala otchipa. Werengani maulendo amene Passo imalepheradi pachaka. Ngati ndi anayi kapena asanu, kubwereka pikapu ya hayala masiku amenewo, ngakhale atakudulani chotani, sikungafike pa K2.5 miliyoni imene Fortuner ingadye mwezi umodzi. Ngati mukufunabe yanuyanu yokwera kunsi, gulitsani Passo, muwonjezere gawo la zosungazo, osati zonse, mufufuze RAV4 kapena X-Trail yakale yomwe makaniko wanu waigwira ndi manja ake ndipo masipeya ake amapezeka ku Malangalanga. Siidzatembenuza makosi pamalo oimikapo magalimoto kuntchito, koma kwa mayi idzafika, ndipo bulubuku lidzakhala m'kabati mwanu.

Mwina mukuti ndakokomeza, banja lanu likhoza kupirira. Chabwino, pali njira yodziwira popanda kutaya kanthu. Kuyambira malipiro a mwezi uno, tsiku lomwe alowa, chotsani K2,520,000, kupatula zimene mumawonongera Passo kale, muiike kumene simungaitape msanga: akaunti yotsekera miyezi kapena ku SACCO. Banja lidye zotsalazo. Chitani zimenezi miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, ndipo muonetsetse kuti m'katimo muli mwezi wolipira fizi ndi mwezi wogula feteleza, chifukwa miyezi yopanda chochitika imanamiza. Mukangotapako kamodzi, kapena kukongola kwa mnzanu kuti mufike kumapeto kwa mwezi, yankho mwalipeza ndipo silinakudyereni kalikonse. Mukapirira miyezi yonseyo muli ndi ndalama zoposa K12 miliyoni pamwamba pa K20 miliyoni ija. Pamenepo mudzakhale pansi ndi alamu, ndalamazo zili patsogolo panu, muone ngati zikupita kugalimoto kapena kupuloti. Ine ndikuganiza kuti iwo akuona patali kuposa inu pankhaniyi, poti K550,000 ya lendi ndiyo ndalama imene nyumba yanuyanu ingakubwezereni mwezi uliwonse. Koma zimenezo n'za awirinu, ndipo kukambirana kwake kumayenda bwino pamene mwamuna wasonyeza kale kuti angathe kudzimana.

Wogulitsayo adzakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Mulekeni abwere. Mafortuner sanathe ku South Africa.

Tsiku lina zinthu zikadzalola, kaya ndi galimoto iyi kapena ina, musadzapereke ndalama musanaone zinthu zitatu ndi maso anu. Mapepala a MRA osonyeza kuti galimotoyo inaomboledwa ndipo msonkho wonse unalipidwa, chifukwa msonkho wa galimoto ya injini yaikulu ndi wochuluka ndipo wotsalira amadzaufuna kwa amene ali ndi galimotoyo. Chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, poti zochokera ku South Africa zina zimalowa m'njira zokhota, ndipo ikagwidwa imapita ndi ndalama zanu pamene ngongole ikutsala. Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zimene zili papepala. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Kubanki nako mukapemphe pepala losonyeza mwezi uliwonse kuti chiwongoladzanja ndi zingati ndipo ngongole yatsala zingati, mufunse ndalama imene amadula pokonza ngongoleyo, komanso ngati pali chindapusa mukafuna kuimaliza nthawi isanakwane. Zonsezi akupatseni polemba, mupite nazo kunyumba, mukawerenge muli awiri.