Kuweruza Moyo wa Kamtsinje ka M'nkhalango

Mwana wa ku Angónia kapena ku Tsangano amafika kusukulu akudziwa kale kamtsinje ka kwawo. Amadziwa mwala umene nkhanu imabisalapo, dziwe limene muli misundu, ndi nyengo imene ambululu amadzaza m'mbali mwa madzi. Zonsezi amazidziwa m'Cinyanja. Mukayamba phunziro la zacilengedwe m'Cipwitikizi, nzeru imeneyi imatsala pakhomo, ndipo mwanayo amangoti duu ngati mlendo. Inu aphunzitsi, yambirani pa zimene akudziwazo, kuti ana aweruze okha ngati kamtsinjeko kali ndi moyo kapena kakudwala.

Kuyera kwa madzi si umboni wokwanira. Madzi amene munthu watsukiramo mpope wa mankhwala a mbatata amaoneka oyera mbee, koma zamoyo za m'menemo zitafa kale. Mboni zodalirika ndi tizilombo tokhala pansi pa miyala, pakuti timakhala pamalo amodzi milungu kapena miyezi, ndipo ciliconse codutsa m'madzi, ngakhale usiku, cimatikhudza. Ku South Africa ana asukulu amagwiritsa nchito njira ya miniSASS, imene imagawa tizilomboti m'magulu 13. Ife tingatenge mfundo yake popanda cida cogula.

Ana ayenera kumvetsa cifukwa cake mitengo ya m'mphepete, monga mkuyu, katope ndi mbawa, ili yofunika. Mthunzi wake umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wambiri wopuma kuposa ofunda. Masamba ogweramo ndiwo cakudya ca tizilombo, tizilomboto n'kukhala cakudya ca nsomba. Mizu imagwira gombe. Mitengo ikadulidwa, dothi limakokolokera m'madzi n'kutseka mipata ya pakati pa miyala, ndipo feteleza wocokera m'madimba amakulitsa ndere.

Pitani nthawi ya cisanu, mvula itatha ndipo madzi atacepa. Sankhani malo awiri pa kamtsinje kamodzi: kumtunda kumene mitengo idakalipo, ndi kumunsi kwa madimba. Mutenge beseni loyera ndi sefa yakale. Pamalo alionse ana anyamule miyala khumi ya pamene madzi akuthamanga, aitsukire m'beseni, adikire kuti madzi adekhe, kenako ayang'ane. Asaponde m'maiwe a madzi oima mmene muli nkhono, cifukwa m'menemo ndi mocokera likodzo. Akatha, abwezere miyala ndi tizilombo pamene anazitenga.

Cofunika kuwerenga ndi mitundu, osati kuculuka kokha. Kacilombo kamicira itatu, kokhala ndi timapiko topumira m'mbali mwa mimba, ndiponso kamene kamadzimangira kanyumba ka mcenga kapena ka tizitsotso, ambiri mwa iwo safuna madzi oipa. Mukapeza timeneti pamodzi ndi nkhanu ndi ana a tombolombo, kamtsinjeko kali bwino. Mukapeza tinyongolotsi tofiira ta m'matope ndi misundu yokha, ngakhale zitadzaza beseni, mpweya wacepa m'madzimo. Tinyongolotsito n'tofiira cifukwa tili ndi cinthu conga ca m'magazi athu cimene cimagwira mpweya, n'cifukwa cake timapirira pamene tinzake tafa.

Pamenepa mudzakumana ndi vuto la maina. Tizilombo tina ana adzatidziwa, tina ayi, ndipo midzi iwiri yoyandikana ingapereke maina awiri. Musathamangire ku buku la Cipwitikizi. Atumeni ana akafunse agogo awo ndi amayi amene amatunga madzi pamenepo, ndipo maina onse obwera muwalembe pabolodi osasankha loti ndilo lolondola. Kacilombo kosowa dzina, ana akapatse lawo malinga ndi maonekedwe ake. Mwana amene wati "kamicira itatu" wayang'anitsitsa ndipo wawerenga, pamene woloweza liwu lacilendo mwina sanakaone n'komwe. Liwu la Cipwitikizi libwere pambuyo, lilembedwe pambali pa la Cinyanja, ana atagwira kale cinthuco m'manja.

Pali nkhani ina yofuna kusamala. Dimba limene likuwononga madzi likhoza kukhala la makolo a mwana amene ali m'kalasi mwanu, ndipo ndilo limene limadyetsa banjalo m'cilimwe. Musalole ana kuloza munthu cala. Afunseni kuti ndi mzere wotani wa mitengo, bango kapena nsenjere umene ungasiyidwe pakati pa dimba ndi madzi, ndi kuti mpope ungatsukidwire kuti. Ndi bwinonso kudziwitsa amfumu ndi makolo ulendo usanacitike.

Nchito yanu monga ophunzira zauphunzitsi: pitani awiriawiri ku kamtsinje kapafupi, mucite zonsezi nokha, ndipo mubwere ndi maina a m'deralo osacepera asanu ndi atatu, pamodzi ndi mafunso atatu a m'Cinyanja amene mwana sangayankhe ndi "inde" kapena "ayi".