Tsiku Lina Gadiyani Udzakhala Iweyo

Anzanga a Fomu 1 mpaka Fomu 4,

Ambirife tikamva za unamwino timaganiza za yunifomu yoyera ya ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila. Komatu wodwala asanafike kumeneko, amayamba kusamalidwa ndi munthu wa pakhomo, ndipo nthawi zambiri munthuyo ndi ife ana a sukulu, poti makolo amakhala atapita ku ganyu kapena ku msika.

Mukukumbukira Januwale wa 2023? Sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Mliri umenewu unayamba mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ngakhale kampeni ya Tithetse Kolera anaikhazikitsira pafupi pompano, ku Mgona.

Nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale. Agogo anga anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza usiku. Ife tinkaganiza kuti tikawapatsa madzi ndiye kuti tikuwonjezera vutolo, basi tinawamana. Kutacha, maso anali atalowa m'kati, mawu osamvekanso. Tinawanyamula pa kabaza mpaka kuchipatala, anawaika diripi, anachira. Koma anamwino anatiuza mosabisa kuti tikanachedwako pang'ono, bwenzi tikunena zina. Zimene ndinaphunzira kumeneko ndi izi.

1. Yamba ndi manja ako. Samba m'manja ndi sopo, madzi ake ochita kuthirira, osati a m'beseni limodzi banja lonse. Samba usanamugwire wodwala, ukatha kumugwira, ukachotsa masanzi kapena chimbudzi, komanso usanakonze chakudya. Ngati palibe magolovesi, vala jumbo yosabooka m'manja pochotsa zoipazo, kenako ukazitaye m'chimbudzi. Wosamalira odwala akadwala, pakhomo pamakhala odwala awiri.

2. Wotsegula m'mimba usamumane madzi. Chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunula paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a 500ml. Usagawe paketi, usawonjezere shuga ati kuti ikome. Ikatha maola 24, taya yotsalayo, ukonze ina. Ngati paketi palibe, sakaniza masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi yomweyo. Mchere ukachuluka umavulaza, ndiye yeza bwino.

3. Akasanza, dikira mphindi 10, kenako uyambirenso kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu. Khanda lipitirize kuyamwa. Munthu amene wakomoka kapena sakutha kumeza usamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe.

4. Mugoneke chammbali. Wodwala wofooka akagona chagada n'kusanza, masanzi amatha kulowa m'njira ya mpweya. Chammbali amatuluka okha. Ngati ndi munthu wogona nthawi yaitali, monga wodwala sitiroko, mutembenuze pa maola awiri alionse ndipo pogona pake pakhale pouma. Akapanda kutembenuzidwa amatuluka zilonda m'chiuno, kumsana ndi ku zidendene.

5. Dziwa zizindikiro zoopsa: chimbudzi chamadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, maso olowa m'kati, kusakodza, khungu loti ukalitsina silibwerera msanga, kulephera kumwa, kukomoka, kapena magazi m'chimbudzi. Ukaona chimodzi mwa izi, usadikire kuti amayi abwere ku msika madzulo. Itana akuluakulu oyandikana nawo, thamangirani kuchipatala, ndipo ORS uja mupitirize kumumwetsa m'njira ngati akutha kumeza. Kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chabe.

6. Mankhwala si maswiti. Usamupatse wodwala mapiritsi otsala a munthu wina chifukwa choti matenda akufanana. Werenga zimene alemba pa kathumba ka mankhwala: angati, kangati pa tsiku, masiku angati. LA wa malungo amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo ayenera kutha yense ngakhale munthu ayambe kupeza bwino tsiku lachiwiri. Ngati sunamvetse, funsa anamwino usanachoke. Paja safunsa anadya phula.

7. Lemba zimene ukuona. Tenga tsamba la kope lakale, ulembe nthawi imene wayamba kudwala, watsegula kangati, wasanza kangati, wamwa chiyani. Tengaso kabuku kake ka kuchipatala. Adokotala akafunsa, usamangoti "kaya". Ife timalemba manotsi tsiku lililonse m'kalasi, izi sizingatikanike.

Chomaliza ndi ulemu. Agogo anga ankachita manyazi kwambiri kuti mdzukulu akuwachotsera zoipa. Ndinaphunzira kuwafunda chitenje, kutseka chitseko, ndi kuwauza kaye ndisanawagwire: "Agogo, ndikutembenuzeni tsopano." Za wodwala wako usakazifalitse pa mjigo kapena pa buleki.

Kuno ku Kauma tikukhala mothithikana, ndipo mvula ikayamba zitsime zosatetezedwa zimalowa zonyansa. Choncho pempho langa ndi laling'ono. Sabata ino, funsani alangizi a zaumoyo a kwanu za kolorini ndi ORS, ndipo musunge mapaketi awiri pamalo pouma m'nyumba. Amene mukufuna kudzakhala anamwino, limbikirani Biology, koma yambirani pakhomo.

Agogo anga ali moyo, dzulo lomweli amandikalipira kuti ndachedwa kutunga madzi.

Mnzanu wa Fomu 2