Phunziro 9: Lembani Dzina Kuseli kwa Chithunzi

Ambiri a ife tili ndi zithunzi m'nyumba. Zina zili pakhoma, zina m'sutikesi, zinanso m'foni. Tinajambulitsa pa ukwati, pa Khirisimasi, kapena pa ulendo. Koma kodi adzukulu athu adzawadziŵa anthu amene ali pa zithunzizo? Tamvani zimene zinachitika ku Mali.

Dziko la Mali lili kumadzulo kwa Africa. Likulu lake ndi Bamako, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Niger. Dzikoli linkalamulidwa ndi France mpaka 1960. N'chifukwa chake Chifalansa chinazika mizu m'masukulu ndi m'maofesi. Koma pamsika anthu ambiri amalankhula Chibambara.

Ku Bamako kunali mnyamata dzina lake Seydou Keïta, mwana wa kalipentala. Mu 1935 mbale wake wina anampatsa kamera yochokera ku Senegal. Mu 1948 Keïta anatsegula malo ojambulira zithunzi. Anthu ankabwera atatchena. Iye ankapachika nsalu yamaluŵa kumbuyo kwao. Ankawabwereka wailesi, wotchi kapena njinga yamoto kuti ajambulitse nazo. Si mmene ojambula a ku Kawale ndi ku Biwi ankachitiranso?

Wina anali Malick Sidibé. Iyeyu sankangokhala pamalo amodzi ai. Ankayenda ndi kamera yake usiku kukajambula achinyamata akuvina. Lamulungu ankawatsatira kumtsinje kumene ankasambira ndi kuseŵera.

Mu 1991 zithunzi zina za Keïta zinaonetsedwa ku New York, ku America. Anthu anazikonda zedi. Koma dzina la wojambula panalibe. Anangolemba kuti wojambula sakudziŵika. Munthu wina wa ku France, André Magnin, anapita ku Bamako kukafufuza. Sidibé ataona zithunzizo anazindikira msanga kuti ndi ntchito ya Keïta. Mwamwaŵi Keïta anali atasunga bwino mafilimu ake ambirimbiri. Mu 1994 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Paris, dzina lake lili pomwepo. Anamwalira mu 2001. Sidibé naye analandira mphoto yaikulu ku Venice mu 2007.

Dzina la wojambula linapezeka. Nanga maina a ojambulidwa? Ambiri sakudziŵika mpaka lero. Timaona mai wovala duku lokongola, koma sitidziŵa kuti ndi yani.

Taonani, anzathu. Anthu aŵiriŵa anatchuka pojambula anthu wamba. Nafenso moyo wathu wa tsiku ndi tsiku ndi wofunika. Amai ogulitsa tomato pa Chigwirizano, anyamata a kabaza, ana potunga madzi ku Chinsapo: zonsezi zidzasintha. Chithunzi ndicho chidzatsale.

Pojambula, makamaka pa ulendo, kumbukirani izi:

1. Yambani mwapereka moni ndi kupempha. Nenani kuti, "Pepani mai, kodi ndingakujambuleni?" Akakana, musaumirire.
2. Musajambule mwana popanda chilolezo cha makolo ake.
3. Dzuŵa likhale kumbuyo kwa inu wojambula, kuti nkhope zioneke bwino.
4. Zithunzi zofunika za m'foni kachapitseni. Foni imatayika, imabedwanso.
5. Sungani zithunzi pouma, posafika chiswe ndi mphemvu.

Koposa zonse, inu tsopano mukudziŵa kulemba. Tengani pensulo. Lembani kuseli kwa chithunzi zinthu zitatu: dzina la munthu, malo, ndi chaka. Musadinde kwambiri kuopa kuononga chithunzi. Ngati simukumudziŵa munthuyo, funsani agogo akadali moyo. Musadikire maŵa.

Mau oti tiphunzire

kamera, chithunzi, chilolezo, kuchapitsa, likulu

Mafunso

1. Kodi likulu la dziko la Mali ndi chiyani?
2. Chifukwa chiyani Chifalansa chimalankhulidwa ku Mali?
3. Ndani anazindikira zithunzi za Seydou Keïta?
4. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kulemba kuseli kwa chithunzi.

Ntchito

Bwerani ndi chithunzi chimodzi m'kalasi. Lembani kuseli kwake dzina, malo ndi chaka. Kenaka ŵerengerani anzanu zimene mwalemba.